Theka la Piritsi

Lachinayi lililonse,
chipale chofewa chikaunjikana pa msewu wa Lagrange kuno ku Toledo,
mayi Thibodeaux amalowa akusasa nsapato pakhomo,
nyuzipepala itapindidwa m'khwapa,
ndipo bambo Zielinski, eni famase ino,
amavula magalasi n'kuwaika pambali.
Mkangano wayamba.

Ine ndimaima pa makina olandirira ndalama,
pakati pawo, ngati mpanda wa anthu awiri okanganira malire.

"Malipiro otsikitsitsa akwere," amatero mayiwo.
Anaphunzitsa masamu zaka makumi atatu,
mpaka lero amalankhula ngati choko chili m'manja.
"Munthu agwire ntchito sabata yonse
koma alephere kugula mpweya wake womwe?"
Akuloza kabotolo kopopera mphumu pa shelefu yachitatu.

"Ndiwakweze ndi chiyani?" bambo Zielinski amayankha.
"Opanga mankhwala amandigulitsa pa mtengo
umene aulota usiku.
Phindu langa pa botolo limodzi silikwana kapu ya khofi.
Boma likagwire mitengo kumwambako.
Mukandikakamiza pa malipiro,
mtsikana uyu ndimuchotsa ntchito."

Mtsikanayo ndine.
Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi,
ndi mdzukulu amene akumera mano.

"Mukamanga mitengo, mwamanga ofufuza manja," mayiwo sagonja.
"Mchemwali wanga Celestine ali moyo
chifukwa cha jakisoni amene kale kunalibe.
Analipira kafukufukuyo ndani?"
"Analipira ndi nyumba yake," atero bambowo.
"Si paja anaigulitsa?"
Pamenepo mayi Thibodeaux amayang'ana pansi kanthawi,
kenako n'kufunyulula nyuzipepala, tsamba lachisanu,
pomwe akatswiri awiri a zachuma, onse ovala tayi,
akutsutsana ndi mizere yokwera ndi yotsika.

Belu la pachitseko lilira.
Ndi Odell, wotsuka magalimoto kuseri kwa mlatho,
zala zitang'ambika ndi sopo komanso kuzizira.
Wabwera kudzatenga mankhwala a shuga.
Dokotala analemba mabotolo awiri.
"Limodzi lokha kaye, Loretta," anong'ona,
"linalo lidakalipo kunyumba."
Kunyumba kulibe.
Ndimasunga kaundula, ndimadziwa kuwerenga masiku.
Madola ake ndi onyowa,
ndimawayala pa tebulo limodzilimodzi kuti asamatirane.

Awiri aja angoti chete.
Wina akuwerenga mosamala kwambiri chikalata cha pa botolo la mavitamini,
wina akufunafuna magalasi amene ali pamaso pake pomwe.

Odell atatuluka, mphepo inalowa.

Bambo Zielinski anatsegula kabuku kobiriwira kamene kulibe m'malipoti a msonkho,
nalemba dzina, nalemba botolo lachiwiri,
nati ndikalisiye kotsukira magalimoto poweruka.
Mayi Thibodeaux anasiya ndalama yapepala pansi pa nyuzipepala,
n'kuiiwala dala, nyuzipepala yomwe.
Palibe anavomera kuti mnzake wanena zoona.

Pachitseko mayiwo anatembenuka:
"Nanga iwe, Loretta, ukuti bwanji?"
Bambowo nawo anandiyang'ana, aliyense akufuna voti yanga.

Ndikanawauza za kampeni kodulira mapiritsi
komwe timagulitsa pa shelefu ya pansi.
Ndinakagula ndekha mwezi wa Okutobala.
M'mawa uliwonse kamagawa pakati piritsi langa la bipi,
theka lero, theka mawa,
ndipo sikadula molingana:
tsiku lina mtima umalandira zambiri, tsiku lina ufa wokha.
Ndikanawauza kuti sindidziwa mbali imene chingwe chiyenera kumasulidwa,
ya malipiro kapena ya mtengo,
ndimangodziwa pomwe chikundithina.

Koma kumbuyo kwawo kunali mayi wina ndi mwana wotsokomola,
chikalata cha dokotala chili m'manja,
maso ali kale pa chikwama chake.

Ndinati, "Wotsatira."