Tiyeni Akaweruka

Ndikangokoloweka malamba ake pa msomali kuseri kwa chitseko
ndimamva thupi lonse likudzikutumula,
makutu kuti phaphapha.
Pamenepo ndiye kuti bwana aweruka.
Watsala m'nyumba muno ndi galu.

Tsiku lonse anali maso anga.
Wandiwolotsa pa mlatho mabelu a kabaza ali ngiringiri,
wandiimitsa pa ngalande yomwe akumba dzulo osauza munthu,
wadutsa pa chiwaya cha tchipisi ngati alibe mphuno.
Mnyamata wina wamuimbira likhweru, iye osacheuka.
Koma tamuonani tsopano.
Muoneni inu, mundiuze.

Ine changa n'kumva:
lilime m'beseni, khapu khapu,
madzi kudonthera pa simenti,
zikhadabo kulowera ku bafa
komwe pansi pamazizira ngakhale mu Okutobala.
Esinala ankati amagona chagada,
miyendo inayi m'mwamba ngati tebulo logubuduzika.
Ndinakana. Galu wophunzira?
Ndinagwada, ndinapapasa.
Mimba ili pamtunda, ulemu wonse uli pansi.

Waba kale masilipasi atatu,
onse a phazi lamanzere.
Imodzi Sigele anaipeza pansi pa mpoza, yotafunidwa chidendene.
Amadziwa njira ya ku banki,
ya ku chipatala, ya kusukulu komwe ndimaphunzitsa,
koma zaka zisanu ndi chimodzi sanaphunzirebe
kuti buluzi wa pakhoma sagwidwa.

Che Mkwanda a kuseli kwa mpandaku sakhudza galu.
Akamapita ku mzikiti amafunya mkanjo, n'kulambalala.
Koma Lachisanu lililonse
mitu ya utaka imagwera mbali yathu ino.
Tonse tinagwirizana kuti ndi mphepo.

M'nyumba muno sanditsogolera.
Mapazi khumi ndi limodzi kufika pa tebulo,
anayi kukhota kumanja, ndowa ya madzi.
Magetsi akazima, amene amalira ndi ena,
kugunda mipando, kufunsana za machesi,
ife awiri tili phee.
Komatu galu yemwe sanandigunditsepo mtengo
m'tauni yonse ya Mangochi
ndi yemweyo amagona chopingasa pa khomo la kuchipinda.
Wandigwetsa kawiri.
Ulendo wachiwiri anandinyambita khutu,
kenako n'kuyasamula.

Usiku ndimamva miyendo ikukanda mphasa,
kauwidwe kakang'ono kotsekeredwa kukhosi.
Akulota.
Mwina akuthamanga liwiro lake lenileni,
lija sindinalimvepo m'dzanja langa,
kudutsa msika wa M'baluku, kumwaza nkhuku,
kumbuyo kulibe munthu wogwira chitsulo,
kulibe woti amuwerengere masitepe.
Sindimudzutsa.
Ngongole yanga kwa iye ndi yaikulu kale.

Sigele wandinong'oneza dzana
kuti pakamwa pake pamera imvi.
Ndinati ndi ufa, walowanso kukhitchini.
Mwanayo sanaseke.
Ineyo ndimadziwa kale:
polumpha ngalande masiku ano
amayamba waima kaye, n'kupuma,
ndipo podzuka, mafupa amalankhula.
Tsiku likubwera loti malamba adzakhala pa msomali
dzuwa n'kutuluka, n'kulowa,
iye n'kumangogona ku bafa ngati wopuma pantchito aliyense,
penshoni yake mitu ya utaka.

Koma si lero.
Azana yamveka kutsidya, Esinala wakoleza mbaula,
ndapapasa pansi pa bedi,
silipasi ya kumanja yokha.
Ndafika kuseri kwa chitseko, chitsulo chati ngwe,
ndipo kuchokera ku bafa
zikhadabo zikubwera, osathamanga.
Waima pambali pa bondo langa lamanzere.
Mchira waleka kugunda chitseko.
Bwana afika.

Kumene anaphunzira anali ndi dzina lina,
lovuta pa lilime, tinalisiya pa depoti.
Pano ndimangoti, Tiyeni,
osadziwa ngati ndikuitana dzina
kapena ndikupempha.