Khonde la Nsalu

M'sitolo ya ku Husum, Loweruka la mvula yowaza,
mnyamata wogulitsa, Thies, akufunsa:
mamita atatu kapena anayi?
Hinnerk akuti anayi, ngati ana akadali pakhomo.
Ine ndikuwerenga chamumtima: iye, ine, galu.

Panja galimoto yathu yogonamo ikunyowa,
nyumba ya mateyala imene inadya penshoni yathu.
Yangotsala khonde basi,
pomwera khofi mphepo ya kunyanja ikatilola.

Makonde alipo awiri.
Lina lopukusa ndi dzanja,
lina la batani, lokwera ndi mayuro mazana asanu.
"Batani ndi la alesi," akutero mwamuna wanga,
amene anakoka zingwe za maboti zaka makumi atatu.
Wagwira chopukusira.
Chitsulo chikugogoda khoma, go, go, go,
kunjenjemera kuja kwamupeza pagulu.
Nsalu yatuluka theka, yaima
ngati lilime la munthu amene mawu amuthawa.

Thies akuyang'ana nsapato zake.

"Phewa langali," ndikutero, uku ndikulisisita,
"zopukusa silingathe. Titenge la batani."
Phewa lomwelo dzulo linakweza thumba la mbatatesi
mpaka chipinda chapamwamba.

Hinnerk wandiyang'ana nthawi yaitali,
diso lomwe ankayezera mitambo asanamasule boti.
"Poti ndi iwe," akuti. "Koma mtundu ndisankha ine."

Wasankha wachikasu, wonyansa zedi,
wa mizere ngati mavu.
Mamita atatu.
Potuluka wandilanda chikwama,
ati ndisalemetse phewa.