Giya Yachiwiri

Ku Chinika, kuseri kwa mpanda wa malata,
kumene fumbi la Okutobala limakakamira pa girizi,
a Mshanga anatsegula mimba ya thirakitala ya malemu bambo.
Oyilo anatuluka wakuda bii ngati ngalande za ku Kanyama,
tinyenyeswa tonyezimira titakhazikika pansi pa beseni.

"Amenewo ndi mano," anatero. "Yakhala ikudzitafuna yokha."

Ine ndinabwera kudzafunsa mtengo basi.
Munda wa ku Makeni tinaudula kale mapuloti,
pamene panali chimanga pano pakuuwa agalu a eni ake.
Wogula zitsulo amalipira pa kilo.

Koma mkuluyo anatsuka shafiti m'palafini, osafulumira.
"Akale sankanyengerera chitsulo.
Giya yathunthu inkatsetsereka pa shafiti
kukalowa mwa inzake, dzino pa dzino, popanda ankhoswe.
Ukafuna kusintha, ima kaye. Ponda kilatchi. Puma.
Ukapupuluma, a m'minda yoyandikana amva kukukuta.
Kenako anapanga zoti mano azikhala olumana nthawi zonse,
kamphete kokha n'kumasankha wogwira ntchito.
Pambuyo pake kunabwera mphete zamkuwa
zoyamba zayanjanitsa liwiro mano asanakumane.
Zamakonozi mwana angasinthe ndi chala chimodzi.
Sindizinyoza.
Kungoti zikamadwala sizibuula."

Anandikodola ndi chibwano.

Yachinayi, ya pamsewu, inali ngati yagulidwa dzulo.
Yachiwiri, yolimira, mano ake anali atapyapyala
ngati mpeni umene wanoledwa zaka makumi atatu.
"Bambo akowa sankapita kulikonse, eti?"
Inde. Uku ndi uko, uku ndi uko,
kuchokera pa chulu kukafika pa mtengo wa mapeyala,
mpaka dzuwa litafiira cha ku Mumbwa.

Ndiye anatulutsa yobwerera m'mbuyo.
Dzino limodzi panalibe,
bala lakale, losalala m'mphepete.
Analisisita ndi chala chachikulu.
"Ili si dzanja lawo. Uyu anali ndi changu."

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu.
Onse anali ku maliro ku Matero.
Ndinakankha ndodo matayala asanaime,
chinachake chinalira m'kati, phwa!
Ndinaibwezera pamalo pake, n'kufufuta mapazi a matayala ndi tsache.

Kuyambira pamenepo, akamabwerera m'mbuyo pothera mzere
inkalira tha, tha, tha,
ine n'kumayang'ana pansi.
Iwo ankangoti, "Yakalamba."
Zaka makumi awiri, sanandifunsepo.
Sanaikonzetsenso.

Magetsi anazima. Owotcherera zitsulo onse anakhala chete,
kunamveka wilibala yokha ikulira panjira.

"Giya yotereyi ingapezeke?" ndinafunsa.
"Ku Soweto kulibe chosowa,
bola udziwe chiwerengero cha mano. Werenga."

Ndinagwada m'fumbi, siketi ya ku ofesi ili m'girizi.
Makumi awiri ndi limodzi.
"Wayiwala," anatero a Mshanga.
"Pagweru paja amawerenganso."