Mwala wa ku Chinamwali

Ndaziona wabwera ndi mapu m'chikwama,
wandipeza pa mulu wanga ku Chinamwali,
hamala m'dzanja, mphira wa tayala nditazinga mwala
kuti zibenthu zisandilumphire m'maso.
Akuti, Amayi, mwala mukuswawu
kale unali phala.

Ndaseka mpaka chifuwa chandikumbutsa fumbi.
Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndikulimbana nawo,
wandithera mahamala anayi ndi nsonga ya chala,
lero ukhale phala?

Akuti eya, phala lamoto.
Linakwera kuchokera pansi koma silinatulukire,
linazizira m'mimba mwa nthaka mosapupuluma,
n'chifukwa chake timaso tonyezimirati.
Mvula inakokolola zonse zimene zinalifunda,
chotsala ndi phiri lathu lomweli
limene timalidandaula likabisa dzuwa msanga.

Watenga peyala langa lamasana, walidula pakati.
Khungu ili ndiye ife:
msika, ndende, Chanco, minda ya ku Thondwe.
Mnofuwu ndi mwala wotentha, wokwawa ngati phula.
Nthangalayi ndi chitsulo,
kunja n'chosungunuka, pakatikati chili gwa.
Ndafunsa, anakafikako ndani?
Akuti palibe. Amangotchera khutu ku zivomezi
monga namwino amvetsera mwana ali m'mimba.
Peyalalo tadya, dziko lonse, ndi kamchere.

Miyala ili ndi mafuko atatu, akutero.
Woyamba ndi wobadwa m'motowu.
Wina ndi matope amene Likangala amatuta
n'kukatula ku Chilwa chaka ndi chaka,
kuyalana, kugonerana, mpaka kuuma mtima.
Wachitatu wautola yekha kuseri kwa mulu,
wamizeremizere ngati chitenje chopindidwa:
uwu unapsinjidwa, unawotchedwa,
unasintha nkhope koma sunasungunuke.
Ine ndangoti chete.
Umenewo sindinafunire buku.

Kenaka lumo. Wadula mapu, mwana wopanda chisoni,
wasendeza Amereka wakummwera mpaka pambali pa Afirika,
chigongono chalowa m'khwapa, kwatsala kampata ka ulusi.
Anali amodzi awa, Amayi.
Ndatola mwala ndinaswa m'mawa,
ndaphatikiza mbali ziwirizo, zagwirana,
koma mng'alu ukuoneka.
Ndati izi ndiye ndimazidziwa kuposa aphunzitsi ako.

Nanga bwanji sitimva pamene akuyenda?
Akuti liwiro lake ndi la chikhadabo pokula,
kwina n'lochepera pamenepo.
Ndayang'ana zanga. Hamala sazipatsa mpata,
za ine sizingayeze kanthu.
Koma ndakumbuka a Bwanali, bambo ake,
atangofika ku Joni ankaimba Lamulungu lililonse,
kenaka mwezi ukatha,
kenaka pa Khirisimasi,
kenaka nambala inayamba kuyankhidwa ndi mzungu wa m'makina.
Palibe tsiku ndingaloze kuti anachoka lero.
Ndinangodzuka pakati pathu pali nyanja.

Akuti mukakwera pamwamba, kufupi ndi dzenje la Chingwe,
muyang'ane kumene Shire akunyezimira pansi,
chigwa chija ndi msoko umene ukumasuka.
Mwina tsiku lina madzi amchere adzalowamo.
Ndati tidzakhala kuti ife?
Akuti tidzakhala mzere umodzi wopyapyala m'mwala.
Ndati bola asadzatiswe motchipa.

Lole yafika dzuwa likupendeka.
Ndauza dalaivala kuti lero mtengo wakwera,
katunduyu ali ndi zaka zoposa mamiliyoni zana.
Walavula chotokosera m'mano,
akuti wilibala ndi wilibala, mayi.
Ndalandira za dzulo zomwe.

Ndaziona wabisa kamwala kamodzi m'thumba,
wakalemba nambala ndi utoto woyera,
akuti akakaika pa galasi, akakaone m'kati.
Kaone, mwanangu, kaonetsetse.
Fizi yako yonse inatuluka m'menemo.