Muvi Woloza M'mwamba

Kalata ya kampani inafika Lolemba:
akaunti ya malemu itsekedwa Lachisanu,
ngati muli nazo zotenga, tengani.

Zithunzi zikwi zinayi ndi mazana atatu.
Maukwati a kuno ku Doncaster, a ku Leeds, a ku Hull,
zinkhoswe za m'maholo obwereka,
makanda obatizidwa atavala majuzi awiriawiri.
Zaka khumi ndi chimodzi Ledisoni akujambula anthu,
mwini wake osaoneka pena paliponse.

Pakhomo pake anandifunsa mawu achinsinsi.
Ndinalemba tsiku langa lobadwa. Anakana.
Dzina la mayi ake. Anakana.
Ndinatseka laputopu ngati ndikutseka chitseko cha eni.

Nthanda anabwera usiku kuchokera ku shifiti,
akununkha makatoni, chovala chachikasu chikadali pathupi.
Amayi, ngakhale mutalowa,
chimodzichimodzi chonchi mudzafika nazo Khirisimasi.
Anatsegula zenera lakuda bii,
lopanda chithunzi, lopanda batani,
kamzere koyera kokha kakuphethira
ngati munthu wakudikira kuti uyambe ndiwe kulankhula.

Analemba. Makina anayankha: 401.
Akuti sakutidziwa, amayi.
Ndinati m'dziko muno si koyamba
kukanidwa ndi nambala.

Kenaka chala chake chinaterereka,
chinagunda muvi woloza m'mwamba,
ndipo pamzere panabwera mawu amene sitinalembe ife.
Anadinanso. Ena.
Anadinanso.
Zenera lija limasunga zonse zimene linauzidwa,
ndi zolakwitsa zomwe,
chilembo chimene chala chake chonenepa chinkaphonya nthawi zonse.
Tinakwera mzere ndi mzere
ngati tikulondola mapazi pamatope mvula itakata,
mpaka lamulo lalitali, lokhota kumapeto,
dzina lake, keyala ya malo aja,
ndi chinsinsi chili pambalambanda:
Kamwendo1998.

Adadi inu! Izi saika poyera!
Anawakalipira akuseka. Kenaka sankasekanso.

Pa Kamwendo ndi pomwe minibasi inathyoka sipuling'i.
Tinakhala maola asanu pansi pa mthethe,
mnyamata wina wa kamera pakhosi
anandisendera nzimbe ndi mano.
Mwana sakudziwa zimenezo.
Inenso sindinkadziwa kuti munthuyo ankalemba dzinali
usiku uliwonse, ine ndili mtulo.

Anali atayamba kale kuzitsitsa yekha.
Analekeza pa chithunzi cha 212,
usiku womwe ambulansi inaima pakhomo osazimitsa injini.

Nthanda anawonjezera chilembo chimodzi chokha.
Chimenechi, amayi, chikutanthauza kuti
pitiriza pomwe unalekeza.
Dinani ndinu.

Ndinadina.

Mizere inayamba kutsika ngati linthumbu.
213. 214. Nkhope osaziona ayi,
manambala okha, ndi kamuvi kokwawa kumka kumanja,
kakafika, kena kayamba.
Paipi yotenthetsa nyumba ikuti tha, tha.
Mvula ya kuno, yosadziwa kugwa yosadziwa kuleka.
Nthanda anagona pampando nsapato zili kuphazi.
Cha m'ma fili koloko intaneti inaduka,
mtima wanga unaima nayo,
koma makina analemba okha: ndiyesanso.
Kachiwiri. Kachitatu. Kachinayi anagwira.
Liuma limenelo ndikulidziwa, ndakhala nalo m'nyumba.

Galimoto ya zinyalala itadutsa m'mawa
kamzere kaja kanabwerera pamalo pake,
kakuphethira ngati sikanagwire ntchito iliyonse.

Ndinatsegula chimodzi mwachisawawa.
Ukwati wa ku Hull, anthu osawadziwa,
mkwatibwi akudula keke, dzanja likunjenjemera.
Kumbuyo kwake galasi la pakhoma,
m'galasimo theka la munthu,
kamera itaphimba nkhope,
khutu lokha lili panja,
lija la chipsera cha waya wa njinga.

Nthanda atadzuka anati tifufute mbiri ija,
chinsinsi sichigona pabwalo.
Ndinati mawa.
Lero ndi sabata yachitatu.
Akapita ku ntchito ndimatsegula zenera lakuda,
ndimadina muvi kamodzi, kawiri,
mpaka pomwe chala chake chinaphonya.