Zimene Mlembi Sanalembe

Lachiwiri, hafu pasiti sikisi madzulo,
muholo ya khonsolo ya Tamarack Ford, kumpoto kwa Wisconsin.
Opezeka: anayi. Wopepesa: mmodzi, ng'ombe yake ikubereka.
Zimenezo ndalemba.
Sindinalembe kuti chotenthetsera chipinda chikutsokomola,
kuti tonse tili m'majekete ngati odikira basi.

Mfundo yoyamba: chivundikiro cha ngalande pa msewu wa Creamery.
Chitsulo chobulungira chija chidasukusa,
galimoto ikachiponda chimati khwengwe!
Mayi Voskuil abwera ndi kope.
Amawerenga: usiku wa Lachisanu chidalira kasanu ndi kanayi.
Amuna awo adatisiya mu Novembala,
nyumba idati zii, tulo tidasamuka,
koma m'kaundula mulibe mzere wa zoterozo.
Ndalemba: "Dandaulo lamveka."

Yachiwiri: mapaipi a zonyansa.
Chipale chikasungunuka nthaka imakhuta,
ndipo zonse zomwe mudzi udataya mobisa
zimabwerera kudzapereka moni
m'chipinda chapansi cha a Haupt, kulekeza m'mawondo.
Zithunzi za ukwati, limba la mwana, zonse nyankha.
A Haupt sanakweze mawu.
Angoika jombo imodzi patebulo,
fungo lawalankhulira.

Wapampando, Lorna Brekke, amene masana amagulitsa misomali ndi penti,
watambasula mapu a 1938, othetheka m'mopinda.
Mzere wa paipi ukuthera pa banga la khofi.
"Kuchoka apa idalowera kuti?"
Tonse maso pansi.
Kumbuyo, pa mipando ya alendo, Orrin Tesch wakweza mkono.
Zaka makumi anayi adakumba pansi pa mudzi uno,
lero bondo ndi lachitsulo, khutu latsala limodzi.
"Idakhotera pa chimtengo chomwe mudagwetsa chija.
Pamenepo padali kamtsinje, tidakakwirira ndife.
Madzi saiwala khwawa."
Ndalemba: "Pafufuzidwe."
Ndikadalemba kuti mapu enieni akhala pampando wachitatu
ndipo amamwa mapiritsi a mtima kawiri patsiku.

Kenako ndalama.
Dzinja la chaka chino lidabwera ndi njala,
mchere wothira m'misewu wadya theka la thumba.
Paipi ikufuna, matayala a galimoto ya ozimitsa moto akufuna,
bulangete ndi lomweli:
ukafunda kumutu, mapazi ali pamphepo.
A Merle Kuehl amenya tebulo,
akuti msonkho usakwere ndi senti yomwe.
Nyumba yawo ili pachitunda.
Izinso sindinalembe.

Yomaliza. Wapolisi wathu, yekhayo yemwe tili naye,
Renata Sobczak, waimirira, chipewa m'khwapa.
Nyali ya pamphambano ya kusukulu idathima,
tsopano ndi masabata asanu.
Lolemba m'mamawa kusanayere
lole ya mkaka idaima chikhato chimodzi
kuchoka pa chikwama cha kamtsikana.
Dzina sanatchule.
Sanandiyang'anenso, ndipo ndikumuthokoza.
Lamba wa chikwamacho ndidasoka ndine Lamlungu usiku,
ulusi wobiriwira, poti wakuda udatha.
Cholembera chaterereka, chasiya dontho pa tsamba.

Ovomera: atatu. Wokana: mmodzi.
Wokanayo, akumanga mpango m'khosi,
wati pansipansi: "Makwerero ndili nawo aatali.
Wina angogula babu."

Tatseka teni pasiti eyiti.
Ndazimitsa magetsi, ndakhoma, kiyi m'thumba.
Panja chipale chikugwa mwaulemu
ngati sichidziwa kuti chili pa mndandanda wa mwezi wamawa.
Ndikuyenda pakati pa msewu wopanda munthu.
Pansi pa nsapato zanga mudzi wina ukuyenda mumdima,
wosavota, wosapepesa,
ukufunafuna kamtsinje kake.

Uko galimoto ya a Haupt yakhotera ku Creamery.
Khwengwe!
Pa zenera la Mayi Voskuil pakuwala,
ndipo ndikudziwa kuti alemba.