Mafunso a Bambo pa Zenera la Mayi Otilia

Bambo analemba mafunso kuseri kwa bilu ya magetsi
tili m'sitima yochokera ku Sighet.
Pofika ku Cluj pepalalo linali litafewa ndi thukuta.

"M'chipinda amagona angati?"
Anayi, anatero Mayi Otilia osadzutsa mutu.
"Bulangeti ndi lanu kapena lathu?"
Matiresi ndi athu. Zina zonse n'zanu.
"Nanga madzi otentha?"
Alipo, koma wodzuka mochedwa amasamba ozizira.

Ine ndinaima kumbuyo, manyazi atandigwira,
m'chikwama muli ngwe ngwe ngwe,
mabotolo khumi a mabiringanya ophika amayi.

"Chophikira chamagetsi?" Choletsedwa.
"Firiji?" Mukagwirizane anayinu.
"Chikole?" Ma lei mazana awiri, timabweza
ngati khoma simunaliboole ndi misomali.
"Chitseko chachikulu mumatseka nthawi yanji?"
Apa mpamene mayiwo anadzutsa mutu, nandiyang'ana,
nati: Limeneli amafunsa bambo aliyense.

Chipinda 314. Bedi langa linali lam'mwamba.
Bambo analigwedeza ngati akugula ngolo,
anatsegula zenera, kulitseka, kulitsegulanso,
anakhudza paipi yotenthetsera chipinda. Zii.
"Ayatsa mu Okutobala," anadziyankha okha.

Pa masitepe, akupinda pepala lija,
ndinaona mmunsi mzere umodzi wosachongedwa:
Ilinca akadwala usiku, adzagogoda kwa ndani?

Sanafunse.
Anandiveka jekete lawo lonunkha utuchi
napita kusiteshoni ndi shati yokha.